Za chipatala n'za ku Holyrood: mawu a pa msonkhano wa Amalawi ku Glasgow

Zikomo a tcheyamani. Mwaswera bwanji nonse? Amayi muli kukhitchiniko, nsima siithawa, tabwerani kaye, chifukwa nkhaniyi ikukhudza kwambiri inu amene mumagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba.

Chandiimika pano mukuchidziwa kale. Mayi athu ena, sinditchula dzina koma ambiri mwazindikira, adikira opareshoni ya m'chiuno kwa nthawi yoposa chaka. Amene aja ankayambitsa nyimbo tikasonkhana, lero masitepe a nyumba yawo yomwe akuwakanika. Mwana wawo anachita bwino, analemba kalata. Koma anailembera MP wa ku London. Patatha masabata atatu yankho linabwera laulemu ndithu, lakuti pepani, za chipatala ku Scotland si zathu, kaonaneni ndi MSP wanu, phungu wa nyumba ya malamulo ya Scotland. Masabata atatu anapita pachabe. Ndiye pa gulu lathu la WhatsApp pabuka mphekesera yoti ukadandaula amakubweza kumchira kwa mzere. Amene munalemba zimenezo, ndikukuonani, koma sindikulozani chala. Ndi bodza limenelo.

Gwirani mawu awa: za chipatala n'za ku Holyrood, za mapepala n'za ku London. Ndikati Holyrood ndikunena nyumba ya malamulo ya Scotland. Ndibwereza mpaka mutope nane.

Anthu a kuno anavota mu 1997 kuti akhale ndi nyumba ya malamulo yawoyawo, ndipo inayamba ntchito mu 1999 ku Edinburgh. Kuyambira pamenepo zipatala, masukulu, nyumba, apolisi, misewu ndi makhonsolo zili m'manja mwa boma la Scotland. London inasunga zina: za viza ndi zolowa m'dziko, asilikali, ubale ndi maiko ena, malamulo a pantchito, ndalama zothandizira anthu za Universal Credit. Kwathu tinazolowera phungu mmodzi wa zonse, wa bokosi la maliro, wa mlatho, wa fizi. Kuno muli ndi MP mmodzi wa ku London, komanso ma MSP asanu ndi atatu. Inde, asanu ndi atatu! Onse alipo 129. Mwa iwo 73 amaimira madera, 56 amaimira zigawo zikuluzikulu, asanu ndi awiri pa chigawo chilichonse. Ndiye wa dera lanu akakhala waulesi, kapena wa chipani cholamula amene safuna kuchititsa manyazi nduna yake, pali ena asanu ndi awiri, ndipo pakati pawo simulephera kupeza wotsutsa amene akungodikira nkhani ngati yanuyo.

Tsono amachita nayo chiyani nkhani yanu? Choyamba amalembera akuluakulu a zipatala za dera lanu, ndipo kalata ya MSP siigona m'dirowa ngati yanga ndi yanu. Angathenso kufunsa nduna funso lolemba, nduna n'kuyenera kuyankha pasanathe masiku khumi ogwira ntchito nyumba ikamakumana, ndipo yankholo limaikidwa pa intaneti, aliyense aliwerenge. Lachinayi lililonse nyumba ikamakumana, 12 koloko masana, nduna yaikulu imaimirira mphindi 45 kuyankha mafunso. Ndinapitako tsiku lina, kulowa n'kwaulere, ungosungitsa malo. Ndinamva mtsogoleri wotsutsa akufotokoza za wodwala mmodzi, munthu wamba ngati mayi athuwa, nduna yaikulu n'kulonjeza pamaso pa makamera kuti iona nkhaniyo. Phokoso limakhalapo lambiri, kuwombera matebulo, kuzembazemba mafunso, musaganize kuti n'kumwamba. Koma nkhani zimene amakanganirana pamenepo zimachokera m'makalata a anthu.

Ntchito yeniyeni, kwa ine, ili m'makomiti. Kumeneko kulibe zokuwa. Aphungu ochepa a zipani zosiyana amakhala pa tebulo limodzi, amaitana nduna, akuluakulu a zipatala, madokotala, ngakhale odwala, n'kumafunsa maola awiri. Lamulo limawapatsa mphamvu yokakamiza munthu kubwera ndi zikalata. Komiti yoona momwe ndalama za boma zayendera wapampando wake sachokera ku chipani cholamula, ndipo imagwira ntchito ndi malipoti a Audit Scotland, olondola ndalama aja.

Ndikupatseni chitsanzo cha sitima. Inu a ku Likoma ndi Nkhata Bay, kodi mukudziwa kuti Ilala inapangidwa mumzinda uno? Pa mtsinje wa Clyde pompano, kwa Yarrow, mu 1949, ndipo mpaka lero ikunyamula anthu ndi matumba a usipa. Ndiye tamverani za adzukulu a amisiri amenewo. Mu 2015 kampani ya Ferguson Marine ku Port Glasgow inapatsidwa ntchito yopanga sitima ziwiri zopita kuzilumba pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, zoti zithe mu 2018. Yoyamba, Glen Sannox, inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025, ndalama zitawirikiza kanayi kapena kuposerapo. Komiti ya aphungu inafufuza, mu 2020 inanena poyera kuti kumeneku kunali kulephera koopsa. Audit Scotland inatulutsa lipoti lake mu 2022, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, Nicola Sturgeon, inakakhala pamaso pa komiti kuyankha. Kodi mafunsowo anapanga sitima? Ayi, komiti sigwira hamala. Koma zambiri zinatuluka poyera, ndipo ngakhale chikalata chimene ankati chasowa chinadzapezeka.

China chimene chimandisangalatsa ndi cha amayi. Kuno dandaulo lopita kunyumba ya malamulo silifuna masiginecha zikwizikwi, dzina limodzi ndi lokwanira. Mu 2014 amayi amene anavulazidwa ndi kaukonde kena kamene madokotala ankaika m'thupi pochiza vuto la chikhodzodzo anapereka dandaulo lawo. Ena anafika ku komiti pa njinga za olumala, nakamba zinthu zimene ife timati sizikambidwa pagulu. Chaka chomwecho nduna ya zaumoyo inapempha zipatala kuti ziyambe zaimitsa, mu 2018 analetseratu, ndipo pambuyo pake panadutsa lamulo lobwezera ndalama amayi amene analipira okha kuti kachotsedwe. Zinatenga zaka, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife timangodandaulira pa WhatsApp, kenako "Mulungu adziwa". Adziwadi, koma kalata lembani.

Eya, bambo kumbuyoko, ndaona dzanja.

(Bambo wina: Pepani achimwene, zonsezo n'za eni dziko. Ife tili pa viza ya ntchito, abwana ndi amene anatibweretsa. Tikayamba kulembalemba kwa andale, satikweza ndege?)

Zikomo bambo, khalani pansi. Funso limeneli lili m'mitima ya anthu theka m'chipinda chino, inu mwangolimba mtima. Ndiyankha pang'onopang'ono.

Kumbukani mawu aja: za mapepala n'za ku London. Viza yanu ili ndi Home Office. MSP alibe mphamvu yokupatsani viza, alibenso yokulandani. Nduna ya zaumoyo ku Edinburgh chimodzimodzi. Ufulu wodandaula za chithandizo cha kuchipatala ndi wa wodwala aliyense, safunsa mtundu wa pasipoti. Ndipo MSP asanayambe kufunsa za matenda anu amakupemphani chilolezo, chifukwa popanda icho achipatala samuuza kanthu. Dzina lanu silitchulidwa m'nyumba ya malamulo inu musanavomere.

Chachiwiri, mwati eni dziko. Bambo, pa nkhani ya voti inunso ndinu mwini. Malawi ali mu Commonwealth, ndiye Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno amavota, ngakhale pa chisankho cha ku London. Kuwonjezera apo, kuyambira 2020 Scotland inatsegulira mlendo aliyense wokhala kuno mwalamulo kuti azivota pa chisankho cha Holyrood ndi cha khonsolo, kuyambira zaka 16. Mwana wanu wa ku sekondale uja ali ndi voti. Ndi angati muno munalembetsa? Kwezani manja. Hmm. Asanu ndi mmodzi, asanu ndi awiri... Abale anga, pa chinkhoswe timadzaza holo, pa kaundula wa voti anthu asanu ndi awiri! Msonkho amakudulani mwezi ndi mwezi osafunsa kuti munabadwira ku Ntcheu.

Koma sindikunamizani, mantha anu ali ndi pogwira. Ngati vuto ndi abwana amene anakusainirani viza, pamenepo yendani mosamala, chifukwa ntchito ikatha viza imagwedezeka. Musathamangire pa Facebook. Pitani kaye ku yuniyoni kapena ku Citizens Advice, kumene amalangiza anthu pa mavuto awo. Ngati mukuona okalamba akuzunzika pamalo pamene mukugwira ntchito, Care Inspectorate, bungwe loyendera malo osamalira anthu, imalandira madandaulo ngakhale osatchula dzina, ndipo bungwe limenelo lili pansi pa boma la Scotland, aphungu a ku Holyrood angalifunse. Koma za viza yeniyeniyo, MP. Mwamva bambo? Za chipatala Holyrood, za mapepala London. Ndipo musaganize kuti dzina la Malawi n'lachilendo kumeneko. Mu 2005 Jack McConnell ndi malemu Bingu wa Mutharika anasainirana pangano la ubale, ndipo m'nyumbamo muli gulu la aphungu a zipani zonse lokambirana za Malawi.

Ndikuona ana ayamba kuthamanga ndipo fungo la nkhuku lafika kuno, ndiye ndifulumire. Yambani ndi chipatala chenichenicho, dandaulo lolemba. Laling'ono ayankhe pa masiku asanu ogwira ntchito, lofuna kufufuza masiku 20. Tchulani lamulo la ufulu wa odwala la 2011, limati mukagwirizana ndi dokotala za opareshoni isadutse masabata 12. Amaliphwanya kawirikawiri ndipo simungawasumire nalo, komabe ayenera kukufotokozerani chifukwa. Sungani kalata iliyonse, deti lililonse. Akakuyankhani zosamveka, pitani kwa Ombudsman, amati SPSO. Nthawi yomweyo lembani postcode yanu pa webusaiti ya Scottish Parliament, maina asanu ndi atatu aja atuluka. Tumizani imelo yaifupi, tsamba limodzi, adiresi yanu pamwamba, osati mbiri yoyambira kwa agogo. Amakhalanso ndi masiku okumana ndi anthu, amawatcha surgery, musaope, sang'amba munthu. Za zinyalala ndi maenje a mumsewu wa kwanu, khansala. Chingerezi chikavuta, achinyamata awa tawaphunzitsiranji?

Kalata ya mayi athu tilemba lero lomwe, laputopu ndabwera nayo, mwana wawo andipeze pa tebulo la pakhomo tikatha kudya. Amayi a Mvano, tipempherereni chakudya.