Amalume, seva yakale ija musafulumire kuichotsa

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu wokhudza seva ya kusitolo ku Graniteside mu Harare, kompyuta yaikulu ija imene makompyuta ena onse amadalira, ndipo ndikugwirizana nanu kuti yakalamba. Imayendera Windows Server 2012 R2, yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira pa 10 Okutobala 2023, kutanthauza kuti mipata yatsopano imene mbava za pa intaneti zikutulukira siikutsekedwanso. Kugula ina n'koyenera, ndipo za mtengo tidzakambirana, koma ntchito yeniyeni ili pa kusamutsa.

Choyamba, lembani papepala ntchito zonse zimene makina akalewo amagwira. Pali Pastel, pulogalamu ya maakaunti, pali mafayilo a muofesi, pali pulinta, pali makompyuta a pakauntala pamodzi ndi chipangizo chotumiza malisiti ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo mufunsenso antchito, chifukwa iwowo amadziwa timapulogalamu timene inu munaiwala. Malayisensi ndi mapasiwedi onse muwapeze tsopano, sevayo ikadali moyo.

Kenako tifika pa tsiku losamutsa… ayi, ndisanafike kumeneko, ndiyambe ndanena za backup, chifukwa m'pamene ndinaonapo zinthu zikuvuta. Mwina mukuti, "Mphwanga, seva yathu ili ndi madiski awiri." Inde, alipo awiri, koma chimenecho ndi RAID, ndipo madiskiwo amalemba zofanana pa nthawi imodzi, moti wina akafufuta fayilo molakwitsa imachoka ponse pawiri. Backup ndi kope lapadera, losungidwa pa diski ina imene mungathe kupita nayo kunyumba. Ndipo kukhala ndi kopelo sikokwanira. Ndibwereze, sikokwanira. Mulitsegule pa seva yatsopano, mulowe mu Pastel, muyang'ane invoyisi ya dzulo, muyang'anenso ya zaka zitatu zapitazo, ndipo muyerekeze ndalama zimene makasitomala ali nazo ngongole ndi zimene seva yakale ikusonyeza. Manambala akasiyana, muime pomwepo.

Pali bambo wina wogulitsa zipangizo za galimoto cha ku Kaguvi Street amene ndinamuuza zomwezi, koma anati alibe nthawi, ndipo seva yakale anaigulitsa mlungu womwewo. Tsiku limene anafuna kubweza maakaunti anapeza kuti diski yake ya backup inadzaza kalekale, ndipo backup inasiya kulembedwa miyezi yambiri m'mbuyomo popanda aliyense kuzindikira. Kanyali kobiriwira kanali kuyakabe bwinobwino. Ngongole zake anachita kuzitolera m'mabuku a malisiti, limodzilimodzi.

Tsopano tsiku lija. Musankhe Loweruka masana mutatseka, ndipo lisakhale la kumapeto kwa mwezi pamene mukuwerengera malipiro. Aliyense atuluke mu Pastel, mupange kope lomaliza, ndipo mukatero… dikirani, apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Makompyuta a pakauntala amaifuna seva ndi dzina lake kapena ndi IP address yake, yomwe ndi nambala yake ya pa netiweki. Ngati yatsopano itenga nambala ya yakale, muyambe mwazula chingwe cha netiweki ku yakaleyo, chifukwa makina awiri okhala ndi nambala imodzi amalimbana, ndipo pakauntala lisiti silituluka. Muzule kaye, kenako mupereke nambalayo. Mwandimva, amalume? Muzule kaye.

Za magetsi mukuzidziwa kale mmene a ZESA amachitira. Mabatire a UPS, chipangizo chosunga magetsi akathima, amatopa pakatha zaka zitatu kapena zisanu, choncho musalumikize seva yatsopano ku UPS yakale musanaiyese. UPS-yo muizule kukhoma, muone mphindi zimene ikupirira.

Seva yakaleyo muizimitse, koma isachoke muofesi mpaka mutatseka maakaunti a mwezi wathunthu pa yatsopano. Kumbukiraninso kuti a ZIMRA amafuna kuti zolembedwa za bizinesi zisungidwe kwa zaka 6, kotero mafayilo akale musawataye ngakhale aoneke opanda ntchito.

Pomaliza penipeni ndi madiski. Muli mayina, manambala a foni ndi malipiro a anthu, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 limafuna kuti muziteteze. Kungopanga format sikufufuta zonse. Ngati mukugulitsa makinawo, madiski muwachotse, ndipo ine ndidzabwera ndi chiboolero kuti tidzawaboole. Pakadali pano munditumizire chithunzi cha pepala la ntchito lija lisanafike Lachisanu.