Za kuno ku Leeds: sikani ikuti zonse zili bwino, koma mwana sakuzindikira mayi ake

Moni abale anga a ku Mchinji, a pa Kamwendo, a ku Kapiri mpaka kumalire ku Mwami, nanunso amene mukundimvera muli ku Joni. Ambiri mumafunsa kuti kodi kuno ku Mangalande ndimagwira ntchito yanji. Ndimathandiza anamwino pa wodi ya matenda a ubongo: kusambitsa odwala, kuwadyetsa, kuwakankha panjinga kupita nawo kokajambulidwa, nthawi zambiri usiku.

Pali matenda amene ndawadziwira kuno ndipo sandichoka mumtima. Mtsikana wabwinobwino amayamba ndi mutu, katupi kutentha. Pakapita masiku ochepa wasiya kugona, akulankhula zosamveka, akuona anthu amene palibe, kenako kugwa ngati wakhunyu, milomo ikungotafuna yokha. Kwathu tikanati walodzedwa kapena wapenga. Chonsecho ndi chitetezo cha m'thupi mwake momwe chimene chatembenukira ubongo n'kuutupitsa. Mtundu wodziwika kwambiri amautcha anti-NMDA receptor encephalitis, ndipo anaufotokoza ndi dokotala Josep Dalmau ndi anzake ku Philadelphia mu 2007. Umakonda atsikana ndi amayi achichepere, ndipo mwa ena gwero lake ndi kachotupa m'thumba la mazira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pafupifupi theka la odwalawa akawajambula pa MRI wamba, sikani yoonetsa m'kati mwa mutu, chithunzi chimatuluka choyera. Makolo amatiyang'ana kuti nanga mwana wathu chamugwira n'chiyani?

Apa m'pamene ofufuza amagwiritsa ntchito kujambula kwina, fMRI. Munthu amangogona m'makinamo kwa mphindi zingapo, osapatsidwa chochita, makina n'kumatsatira mmene magazi onyamula mpweya akuyendera m'zigawo za ubongo. Paja ubongo supuma. Ngakhale mutangokhala duu, umadyabe gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za thupi lonse, ndipo pali zigawo zimene zimayaka ndi kuzima limodzi munthu akamangolingalira zake. Wofufuza wa ku America, Marcus Raichle, ndiye anazifotokoza mu 2001. Ofufuza a ku chipatala cha Charité ku Berlin anapeza mu 2013 kuti mwa odwalawa, kachigawo kosunga zokumbukira, hippocampus, sikalumikizananso bwino ndi zigawo zija, ndipo amene kulumikizanako kwafooka kwambiri ndi amenenso amaiwala kwambiri. Zili ngati mudzi umene nyumba zonse zili chilili, koma tinjira topita kwa anansi tamera udzu. N'chifukwa chake wina amatuluka m'chipatala akuyenda yekha, akuseka, koma zimene mwamuuza m'mawa pofika masana zapita. Si mwano, si ulesi.

Ndisakunamizeni, fMRI ndi chida cha kafukufuku, ngakhale kuno sajambula nayo aliyense. Chimene chimatsimikiza matendawa ndi madzi a pamsana, omwe aja ambiri kwathu timawaopa kuti akapopa munthu sadzuka. Mankhwala alipo: ma steroid, kusefa magazi, rituximab, ndi kuchotsa chotupa ngati chapezeka. Pa odwala oposa 500 amene anatsatiridwa kwa zaka ziwiri, pafupifupi 8 mwa 10 anachira bwino, makamaka amene anayamba mankhwala msanga. Koma kuchira kwake n'kwa miyezi, nthawi zina zaka.

Kwathu dokotala ayamba wayeza malungo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo n'zoyenera, chifukwa ndiwo ofala. Inu achibale, mbali yanu ndi kufotokoza zonse motsatana: mutu unayamba liti, tulo tinatha liti, kugwa kunabwera liti, komanso kuti munthuyu sanadwalepo misala. Zonse zikayezedwa osapezeka kanthu, funsani mwaulemu ngati n'kotheka kumutumiza ku Central ku Lilongwe. Musamumange zingwe m'nyumba, chonde, chifukwa ena amafika povutika kupuma.

Sabata yamawa tidzakamba za lendi ya nyumba kuno. Tsalani bwino.