Boti la aluminiyamu liyesedwe pamtunda kaye

Mawu a mmisiri wokonza maboti pa msonkhano wa asodzi umene komiti ya padoko inaitanitsa ku Mtakataka, m'boma la Dedza.

Zikomo a tcheya. A Gulupu, mafumu amene muli pano, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata mwakhala pa maukonde kumbuyoko, moni nonse. Sunthirani pafupi, mwerawu ukuuluza mawu.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yathayi mudzi uno ukanagona pa maliro pakanapanda anzathu a chilimila amene anamva kukuwa kwa ana athu, boti lawo la aluminiyamu likumira. Anawo ali moyo, tithokoze Mulungu, ndipo sindinabwere kudzawachititsa manyazi. Boti lawo litavuulidwa ndinapita kukaliona. Kunja penti yonyezimira, dzina lolembedwa bwino. Nditaligubuduza ndinapeza kuti pamene panathothoka maliveti, timisomali tolumikizira malata a boti tija, anakhomapo misomali ya malata n'kuipinda mkati, pamwamba n'kumata phula. Mwera utaliwomba kangapo phula linasweka, mzere wonse wa pansi unayasama. Iwo akuti anakapa madzi mpaka manja kulema. Ndikuwakhulupirira.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: boti la aluminiyamu musalowe nalo m'nyanja musanaliyese ndi madzi pamtunda.

Maboti amenewa achuluka masiku ano. Ena mukugula kwa eni malo ogona alendo, ena ndi otsala a mabungwe, ena anangogonekedwa kuseri kwa nyumba zaka ndi zaka. Munthu akaliona amakopeka chifukwa ndi lopepuka, aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, ndipo sawola, sadyedwa ndi chiswe. Zonsezo n'zoona. Koma ife tinakulira pa bwato wosema ndi boti la matabwa, ndipo nzeru zathu zonse zokonzera zinachokera kumeneko. Thabwa likanyowa limafufuma, mpata n'kudzitseka wokha. Aluminiyamu safufuma. Bwato ukadzadza madzi nthawi zambiri umayandamabe, mumaugwirira mpaka thandizo lifike. Ili likadzadza limapita pansi ndi injini yomwe, inu n'kutsala ndi nkhafi m'manja. Makolo athu sanalakwe potiphunzitsa phula ndi chiguduli, kungoti ankatiphunzitsa za mtengo.

Tsono kuyesa kwake n'kotani? N'kosavuta moti mwina mundiseka. Liikeni boti pamalo osalala, pansi pake mutchinjirize ndi mitengo yoyala mopingasa, yochuluka, kuti mutha kusuzumira kunsi. Kunja kukhale kouma. Tsekani bowo lotulutsira madzi, muyambe kuthira madzi mkati ndi ndowa. Mwana mmodzi agone pansi ndi choko m'manja, paliponse pakutuluka dontho azunguze kamzere. Basi. M'nyanja madzi amalowa mobisika, kunsi kwa mipando, usiku, inu maso ali pa usipa. Pamtunda amatuluka poyera, masana, aliyense akuona.

Koma musalidzadzitse mpaka pakamwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti diramu ya malita 200 ndi makilogalamu 200, matumba anayi a feteleza. Mukathira madiramu asanu pa boti lokhala pa njerwa ziwiri, mulithyola msana nokha. Thirani kufika pamene madzi a m'nyanja amalekezera likanyamula katundu, ndipo ngati mukufuna kuona m'mbali, lipendeketseni mbali imodzi, kenako inayo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pobwera ndaona chinthu chandipweteka mtima. Sinditchula khomo. Boti labwinobwino aligoneka pabwalo, akukandiramo simenti yomangira khonde. Abale anga! (kuseka) Mukuseka, koma mwiniwake ali pompano, akuyang'ana pansi. Simenti yonyowa imadya aluminiyamu. Laimu amadya. Soda wopangira sopo uja ndiye woopsa zedi, amachita thovu n'kutulutsa mpweya woyaka moto, ndiye wina asakunamizeni kuti muchotsere penti yakale ndi soda. Amayi pano ndi mboni: mukaphika therere la chidulo m'safuliya kawirikawiri, safuliya imada mkati, kenako imachita timaenje, mapeto ake mumaiona dzuwa kunsi. Boti ndi chimodzimodzi, kungoti safuliya ikabooka mumangozimitsa moto.

Mdani wina ndi zitsulo zachilendo. Anthu amati aluminiyamu sachita dzimbiri. Dzimbiri lake lilipo, koma ndi loyera ngati ufa, osati lofiira. Aluminiyamu akagundana ndi kopa, mkuwa kapena chitsulo wamba pamalo onyowa, amene amadyeka ndi aluminiyamuyo. Madzi athu alibe mchere, choncho zimachedwerapo kusiyana ndi kunyanja ya mchere ya ku Beira, koma zimachitika ndithu. Msomali wa malata uja, ngakhale ukanagwira lero, chaka chamawa bowo lake likanakula. Ndipo inu a nyali za mabatire, tizidutswa ta waya wa kopa timene mumadula n'kutaya pansi pa boti, pamodzi ndi asidi wodontha m'batire, ndi zimene zikuboola maboti anu. Batire likhale m'bokosi la pulasitiki. Pogula maliveti tengani maginito a sipika ya wailesi yakufa: chimene chakakamira maginito chisayandikire boti lanu. Mabawuti omangira zolemera akhale a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ndipo pakati pake ndi boti muikepo washala wa pulasitiki kapena mankhwala omatira.

Thabwa lakumbuyo, pomangirira injini, limenelo ndiye limawola mwakachetechete chifukwa lili mkati mwa malata. Libayeni ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, chotsani lonse. Koma posintha musaikepo matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala aja, a mapolo, chifukwa mankhwalawo muli kopa. Ikani thabwa lolimba louma, mulipake vanishi kapena penti mbali zonse musanalilowetse.

Eya, bambo, dzanja ndaliona. Imani kuti onse amve.

(Bambo wina wachikulire: Pepani a mmisiri, ine zonsezi zikundichulukira. Pa Golomoti pali anyamata owotcherera, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo olimba bwino. Bwanji osangokweza botilo pa ngolo akaliwotcherere tsiku limodzi, nkhani ithe?)

Mwafunsa bwino, bambo, khalani pansi. Safunsa anadya phula. Ndipo ndikudziwa kuti theka la anthu pano amaganiza zomwezo.

Anyamata amenewo ntchito yawo amaidziwa, geti la kwanga anapanga ndi anzawo omwewo. Koma makina awo ndi ndodo zawo n'za chitsulo. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, ndipo chisanasungunuke chimafiira, mmisiri amaona ndi maso kuti apa ndafika. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 okha, ndipo safiira. Amangokhala mbuu, kenako mwadzidzidzi pagwa chibowo choti chibakera n'kulowa. Chovuta china, pamwamba pake pali kakhungu kosaoneka kamene sikasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000. Ndiye taganizani: kuti muboole kakhunguko mukuwonjezera moto, pamene mkati mwasungunuka kale. Malata a maboti ang'onoang'onowa nthawi zambiri sapitirira mamilimita 2. Ndi ndodo ya geti palibe chimene mungalumikize.

Makina ake enieni amagwiritsa ntchito mpweya wa argon, wa m'silinda, umene umatchinga pamalo powotchapo. Amisiri otero mukawafune ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kapena mutsike msewu wa Golomoti uwu mukafunse ku Monkey Bay kumene amakonza sitima. Ndipo musachite manyazi kumufunsa munthu kuti akuonetseni ntchito ya aluminiyamu imene anagwirapo kale.

Koma bambo, ngakhale mutampeza katswiri, yambani mwaona kuti boti lanu analipanga bwanji. Ngati ndi lowotcherera kuchokera kufakitale, lopanda maliveti, chabwino, mng'alu wake ukawotcheredwe. Ngati ndi la maliveti, pakati pa malata awiriwo anaikapo mankhwala omatira, ndipo moto umawapsereza. Mutseka bowo limodzi, mizere iwiri yoyandikana nayo iyamba kudontha. Komanso moto umafewetsa aluminiyamu m'mbali mwa pamene mwawotcha, ndiye pakapita miyezi mng'alu watsopano umatulukira pambali pomwepo. Boti la maliveti mankhwala ake ndi maliveti. N'zotsika mtengo, ndipo mutha kuchita pakhomo panu opanda magetsi.

Chinanso pa nkhani ya moto yomweyi. Maboti ena ali ndi thanki ya petulo kapena timabokosi totsekeka kunsi kwa mipando. Fungo la petulo limakhalitsa m'menemo ngakhale papite nthawi. Wina akayandikiza moto kapena girainda, chimaphulika. Tsegulani zonse, tsukani ndi sopo ndi madzi, zipume mphepo masiku angapo. Ndipo kaya wawotcherera ndi ndani, kaya wakulipiritsani zingati, pobwera nalo kuno muliyese ndi madzi pamtunda musanalowe nalo m'nyanja. Mwakhutira, bambo? Zikomo.

Tibwerere pa choko chija. Liveti lodontha koma lili lonse, limangofuna kulimbitsa. Pamafunika anthu awiri. Mmodzi agwire chitsulo cholemera, kaya mutu wa hamala yaikulu, atsamize pamutu pa liveti kunja. Winayo mkati amenye pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono, kawiri katatu, osati ngati mukuswa miyala. Mukamenya mopsa mtima mupyapyalitsa lata, bowo likula. Liveti lothothoka mutu kapena lozungulira mukaligwira, liboolereni pakati, mulitulutse, muikepo latsopano la aluminiyamu lokulirapo pang'ono, mutalipaka mankhwala omatira. Maliveti okoka ndi mfuti aja, ambiri ali ndi kabowo pakati ndipo kamtima kake n'kachitsulo. Kunsi kwa madzi ayi. Ngati mulibe ena, funani otseka kumapeto.

Anyamata kumbuyoko ndikuona mwayamba kusuzumira kunyanja, ndipo amayi nsomba zikudikira pa thandala. Ndithamanga.

Mng'alu: boolani kabowo kakang'ono kumapeto onse awiri kuti usapitirire, dulani chigamba cha aluminiyamu chokhuthala ngati botilo, chipitirire mng'aluwo zala zitatu mbali zonse, makona muwazungulize, pakani mankhwala, khomani maliveti motalikirana zala ziwiri. Chigamba cha lata la denga ayi. Kupala penti: sandipepa ndi madzi, osati burashi ya waya wachitsulo, imasiya tizitsulo timene timadzadya boti. Mangani kansalu pamphuno, penti zakale zina zili ndi mtovu, ndipo ana asasewere pa fumbilo. Mukapala, tsukani, liume, pakani etch primer, penti yoyambira yogwira pa aluminiyamu, tsiku lomwelo, apo ayi penti idzasupuka yonse. Penti ya pansi pa sitima yokhala ndi kopa musalandire ngakhale yaulere. Kunena zoona penti ndi yomalizira, boti ili limayenda bwinobwino losapaka. Ndalama yoyamba ipite ku maliveti.

Kunsi kwa mipando kumakhala thovu louma lija loyandamitsa. Lakale limamwa madzi, lifinyeni muone. Ngati lanyowa kapena anachotsamo, ikanimo zigubu zopanda kanthu zotseka bwino. Chigubu cha malita 20 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi, ndiye werengani kulemera kwa boti ndi injini, muone zigubu zingati. Muzimange zolimba ku boti lenilenilo, kutsogolo ndi kumbuyo, osangoponyamo, chifukwa zosamanga zimayandama zokha boti likupita pansi. Chokapira madzi chikhale pa chingwe. Majekete oyandamitsa muvale, osakhalira.

Mukatha zonsezi, thiraninso madzi pamtunda kachiwiri. Pakapanda dontho, kaliyeseni pamadzi ofika m'chiuno, m'mawa kuli bata, mutakweza matumba a mchenga m'malo mwa anthu. Ndipo miyezi ino ya Juni ndi Julayi, a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera, boti longokonzedwa kumene likhale kumtunda. Amene ntchito yamukulira adikire Novembala ndi Disembala nyanja ikatsekedwa, nthawi idzakhalapo yambiri.

A tcheya andiuza kuti m'mudzi muno muli maboti ena awiri otere. Loweruka m'mawa tidzawayesa pansi pa mtengo womwe uno, aliyense adzaone ndi maso. Eni ake mubwere ndi mitengo yoyalira, anyamata ndowa, choko tikapempha kwa aphunzitsi. Hamala ndi maliveti ndibweretsa ine, koma maliveti ndi ogula, musadzati sindinanene. A tcheya, mawu ndabweza kwa inu.