Nkhandwe Ikatuluka m'Khola la Waya, Imapita Kuti?

Takulandirani owonera nonse. Nkhandwe imene mukuionayi si ija imalira m'madambo mwathu usiku. Iyi ndi ya kumayiko ozizira, inabadwira m'khola la waya pa famu ya ubweya, ndipo chibadwire phazi lake silinapondepo dothi. Anthu ambiri amaganiza kuti kuipulumutsa ndi kungotsegula chitseko kuti ithawire kutchire, komatu kutero n'kuipha.

Ulimi umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1890 pachilumba cha Prince Edward ku Canada, kumene Charles Dalton ndi Robert Oulton anayamba kuweta nkhandwe za ubweya wakuda wonyezimira ngati siliva. Masiku ano mayiko amene amaweta zambiri ndi China ndi Finland. Ana amabadwa cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo pofika Novembala kapena Disembala, ubweya wa nyengo yachisanu ukakhwima, amaphedwa ndi magetsi kuti chikopa chisaonongeke. M'miyezi yonseyi amakhala m'khola limene ku Ulaya kawirikawiri silikwana sikweya mita imodzi, lomwe pansi pake ndi waya kuti ndowe zizingogwa. Mu 2017 bungwe loteteza nyama la ku Finland la Oikeutta eläimille linatulutsa zithunzi za nkhandwe zonenepa mpaka pafupifupi makilogalamu 20, khungu litachita kupindikapindika mpaka kutseka maso, chonsecho nkhandwe ya mtundu womwewo kutchire imalemera makilogalamu atatu kapena anayi basi. Chikopa chikakula, mtengo nawo umakwera.

Zochepa zimene zimatuluka zamoyo zimatuluka famu ikamatsekedwa, boma likazilanda chifukwa cha nkhanza, kapena mlimi akalola kupereka kamwana kodwala kamene ubweya wake sungagulike. Ku Poland bungwe loteteza nyama la Otwarte Klatki lakhala likutulutsa nkhandwe zovulala, ndipo zina zinapeza malo kumalo osungirako nyama a mumzinda wa Poznań. Ku Minnesota m'dziko la America kuli malo osamalirako nkhandwe otchedwa Save a Fox. Pali mkangano pakati pa opulumutsawo pa nkhani yogula nkhandwe kwa mlimi, ndipo ine ndimaona kuti otsutsa ali ndi mfundo, popeza ndalama yowombolera nkhandwe imodzi ikhoza kudyetsa zina zimene zidzaphedwe chaka chamawa.

Tsopano taonani tsiku loyamba. Nkhandwe ikaikidwa pa udzu siithamanga ayi. Imadzipanikiza pakona, imanyamula phazi limodzi n'kuliponda mokayika, ndipo zina zimapitiriza kuzungulira pamalo amodzimodzi ngati kuti waya uja akadalipo. Dokotala wa ziweto amayamba ndi miyendo, imene nthawi zambiri imakhala yopindika chifukwa cha kunenepa ndi kuponda waya, kenako maso otukusira, nkhama zotupa ndi nthata za m'makutu. Amaibaya katemera wa chiwewe ndi wa matenda ena a agalu, ndipo amaitseketsa kubereka kuti malo ochepawo asadzaze ndi ana. Mpanda wake umafuna nzeru, chifukwa nkhandwe imakumba ndiponso imakwera: waya amakwiriridwa pansi, pamwamba n'kumupindira mkati. Chakudya chake ndi nyama yaiwisi, mazira ndi zipatso pang'ono, ndipo chiyenera kukhala ndi taurine wokwanira (chofunikira m'thupi chimene chimapezeka mu nyama), apo ayi maso ndi mtima zimafooka. Osamalira amasangalala tsiku limene nkhandwe yatenga dzira, n'kukumba kadzenje, n'kulikwirira ndi mphuno, chifukwa palibe anaiphunzitsa zimenezo.

Nanga bwanji osaibwezera kutchire ikachira? Nyamayi sinagwirepo ngakhale mbewa, sidziwa kubisala, ndipo ikamva njala imafunafuna munthu. Palinso chiopsezo kwa zinzake zakutchire. Ku Norway nkhandwe zothawa m'mafamu zinakwerana ndi nkhandwe zoyera za m'mapiri, zimene n'zochepa kale, moti mtundu wake unasokonekera. Matenda nawo ndi nkhani, monga zinaonekera mu 2023 pamene chimfine cha mbalame chinalowa m'mafamu a ubweya ku Finland ndipo boma linalamula kuti nyama zambirimbiri ziphedwe.

Koma isasandukenso galu m'maganizo mwathu. Katswiri Dmitri Belyaev anayamba mu 1959 kusankha nkhandwe zofatsa zokhazokha kuti ziziswana, ntchito imene yapitirira mumzinda wa Novosibirsk ku Russia kwa mibadwo yambiri ya nkhandwe. Za m'mafamu wamba sizinasankhidwe mwa njira imeneyo. Zimaluma, zimakodzera chilichonse chimene zikuti n'chawo, ndipo fungo lake silichoka m'nyumba. Woitenga adziwe kuti wasenza udindo wa zaka 10 kapena kuposerapo.

England ndi Wales analetsa ulimi wa ubweya mu 2000, Norway anatseka mafamu ake pofika February 2025, ndipo mu 2023 anthu oposa 1.5 miliyoni anali atasainira pempho loti mayiko onse a European Union achite chimodzimodzi. Vuto n'lakuti famu imodzi ikhoza kukhala ndi nkhandwe masauzande, pamene malo osamalirako amalandira makumi ochepa chabe, choncho famu ikamatsekedwa zambiri zimaphedwabe m'nyengo yomalizayo.