Tsiku loyamba ndi mwana: muyeseni kaye musanayambe kumuphunzitsa

Moni nonse anzanga amene mwadzipereka kuthandiza ana kuwerenga mmodzimmodzi. Ndajambula uthengawu kuti muziumvera mobwereza, poti ambiri mukumana ndi mwana wanu koyamba sabata ikubwerayi. Pempho langa ndi lakuti tsiku loyambalo musaphunzitse chilichonse. Mukamvetsere ndi kulemba basi, kuti mudziwe penipeni pamene mwanayo akupunthwa. Kalasi imene ali siikuuzani zimenezi. Mupeza ana awiri a kalasi imodzi, wina malembo onse akuwadziwa koma kuwaphatikiza kukumukanika, winayo akuwerenga ngati madzi koma mukamufunsa zimene wawerengazo, kukamwa yasa. Awiriwa simungawayambire pamodzimodzi.

Mutenge mapepala awiri ofanana, lina la mwana lina lanu lolembapo, pensulo, ndi wotchi kapena foni. Mukhale pambali pake, pepala lanulo asamalione. Mawu oti mayeso musawatchule n'komwe, ana ambiri amene akubwera kwa ife amaopa kale. Mungomuuza kuti, "Ndikufuna ndione zimene ukudziwa kale kuti ndisakubwerezetse. Zina zikhala zovuta, zikakukanika palibe kanthu." Zonse zisapitirire mphindi 20. Kholo likakhalapo, lifunseni ngati mwanayo amaona ndi kumva bwino, komanso chiyankhulo chimene amayankhula kunyumba.

Yambani ndi khutu, pepala lili potero. Mufunseni kuti liwu loyamba m'mawu oti moto ndi liti. Awombe m'manja pa phatikizo lililonse la mawu oti kalulu. Akatero mupatseni malembo, koma osakanizasakaniza, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, chifukwa mwana akhoza kuimba a, b, c mpaka kumapeto asakuzindikira lembo ngakhale limodzi. Muzifunsa liwu la lembolo, dzina lokha silikwanira. Akakhala chete masekondi 3, mulozereni lotsatira. Akalephera malembo 10 oyambirira onse, lekani gawo limenelo, musamuzunze. Malamulo awiriwa ndi a njira yoyesera kuwerenga kwa ana a makalasi oyambirira yotchedwa EGRA, imene bungwe la RTI International linakonza mu 2006, ndipo yagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Kenako maphatikizo. Ofewa kaye, monga ba, me, ku, ndiye mukwere pa mba, tsi, dzu, nkho, mphe, ng'o. Ana ambiri amaimira pomwepa, ndiye tcherani khutu. Mukachoka apo mupatseni mawu odziwika, kenako mawu opeka opanda tanthauzo, monga kefu, nobi, zame. Ndikudziwa ena mufunsa kuti tikusokonezeranji mwana ndi mawu oti kulibe. Chifukwa chake n'chakuti pali ana ochenjera amene analoweza maonekedwe a mawu oti amayi kapena sukulu, ndipo amangowatchula akaona lembo loyamba. Mawu opeka sangalowezedwe. Akawerenga kefu, ndiye kuti akuphatikizadi maliwu. Mumuuze poyamba kuti awa ndi mawu ongosewera, asavutike kufuna tanthauzo.

Tsopano mvetserani bwino apa, ndi pamene ambiri timataya phindu la ntchito yonseyi. Mwana akalakwa, musangochonga kuti walakwa. Lembani chimene wanena pamwamba pa mawuwo. Pepala likuti mphepo, iye akuti pepo, lembani pepo. Likuti anapita, iye akuti amapita, lembani choncho. Woyambayo akudumpha maliwu ophatikizana, wachiwiriyo akungoyerekeza osayang'ana m'kati mwa mawu, ndipo thandizo lawo n'losiyana. Akalakwa n'kudzikonza yekha, ikani chizindikiro china ndipo musawerengere ngati cholakwa, chifukwa mwana wodzikonza yekha akumva zimene akuwerenga. Inuyo pakamwa tsekani. Mtima umafuna kumunong'oneza, koma mukamuuza yankho mwadzibisira nokha chimene mumafuna kuona.

Amene wakwanitsa mawu, mupatseni kankhani kakafupi kamene sanakaonepo, kopanda zithunzi. Awerenge mokweza, inu muone mawu amene wawerenga molondola pa mphindi imodzi, koma mumusiye amalize. Pa muyeso umene Marie Clay wa ku New Zealand anatchukitsa, mwana akalakwa mawu 5 kapena kucheperapo pa mawu 100, nkhaniyo angawerenge yekha. Akalakwa 6 mpaka 10, ndi yabwino kuphunzirirapo muli pambali. Kupitirira 10, yamukulira, mutsikire pa yofewa. Za liwiro, musayerekeze ndi manambala a ana owerenga Chingerezi, chifukwa mawu athu ndi aatali. Taganizani, mawu oti sitidzapitanso ndi amodzi basi.

Akamaliza, chotsani pepala mumufunse mafunso angapo. Ena yankho lake likhale m'nkhanimo, limodzi likhale loti aganize, monga "Ukuganiza kuti analira chifukwa chiyani?" Mwana amene sanathe kuwerenga, muwerengereni inuyo nkhaniyo n'kumufunsa mafunso omwewo. Akayankha bwino, kumvetsa ali nako, chomutsekereza ndi malembo. Akalephera ngakhale mwamuwerengera, ntchito ina ili pa kudziwa mawu ndi chiyankhulo.

Chotsiriza ndi lembetso, mawu 10, kuyambira ofewa ngati mutu mpaka ovuta ngati nkhwangwa. Tchulani mawuwo, muwaike m'chiganizo, muwatchulenso, ndipo musawadule m'maphatikizo. Chofufutira musamupatse, angodula mzere n'kulemba pambali kuti muone zimene anayamba kuganiza. Pochonga yang'anani mtundu wa cholakwa. Wolemba buzi m'malo mwa mbuzi sakumva m wa kumayambiriro. Wolemba kasu kapena piri sanasiyanitse k ndi kh, p ndi ph. Olemba ngombe m'malo mwa ng'ombe kapena kulila m'malo mwa kulira, amenewo maliwu awamva bwino, chatsala ndi lamulo la kalembedwe chabe, musade nazo nkhawa kwambiri. Koma wolemba mt pofuna kulemba mutu, malembo a liwu a, e, i, o, u sanakhazikike, ndipo mudzayambira pamenepo. Kutembenuza b ndi d kumachitika kawirikawiri kwa ana oyamba kumene kulemba. Kukapitirira mwana ali wamkulu, kulembeni kuti tikambirane, koma musamupatse dzina la matenda, imeneyo si ntchito yathu.

Musanasiyane, muuzeni chinthu chimodzi chenicheni chimene wachita bwino. Akangochoka, musanaiwale, lembani mizere itatu: zimene akudziwa, pamene anayamba kupunthwa, ndi chimene mudzayambire. Ikani deti, ndipo pepalalo musunge posaonekera anthu ena. Pakatha masabata 6 kapena 8 tidzamuyesanso ndi mawu ena ofanana kulimba kwake, ndiye pepala loyambali lisatayike. Amene muli ndi funso nditumizireni uthenga tsikulo lisanafike. Zikomo.