Kuluka timadziwa, nanga ndalama yake ili kuti?

Zikomo amayi wapampando pondipatsa mpata. Amayi anzanga, ndi inu atsikana mwakhala kumbuyoko, tasenderani pafupi chifukwa nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Ndiyambe ndi funso. Muno ndi angati amadziwa kuluka tsitsi? Eee taonani manja, pafupifupi tonse. Nanga amene analipidwapo ataluka, ndikunena ndalama m'manja osati zikomo? Mwaona manja atsika. Luso tili nalo koma timangoligawa ulere, tsiku lonse uli pamutu pa mnzako msana kuwawa zala kutupa, madzulo ukupemphanso ya sopo kwa bambo a kunyumba. Zimenezi ine zimandipweteka mtima, ndiye chifukwa chake ndabwera.

Kunali mayi wina ku America dzina lake Sarah Breedlove, ambiri amamudziwa kuti Madam C.J. Walker. Anabadwa mu 1867 ku Louisiana, makolo ake anali akapolo omwe anali atangomasulidwa kumene, ali ndi zaka 7 anali kale wamasiye, pa zaka 14 wakwatiwa, pa zaka 20 mwamuna wamwalira kumusiyira kamwana. Zaka zambiri ankadya za kuchapa zovala za anthu ku St. Louis. Tsitsi lake litayamba kuthothoka anaphunzira kasamalidwe ka khungu la m'mutu, kenako nkuyamba kupanga mafuta ake nkumagulitsa khomo ndi khomo. Koma chomwe ine ndimachikonda pa mayiyu ndi chakuti mu 1908 anatsegula sukulu ku Pittsburgh yophunzitsa amayi anzake ntchitoyi, ndipo pomwe ankamwalira mu 1919 amayi masauzande anali akudzidyetsa okha ndi zomwe anaphunzira. Anaona kuti kugulitsa mafuta kokha sikukwanira, mayi akufunika adziwe chomwe akuchita pamutu pa munthu.

Wina anena kuti ine kuluka ndinaphunzira ndili mwana, sukulu yachiyaninso? Inenso ndinkatero. Ndisanaphunzire kunabwera mtsikana kuti ndimupake rilakisa, mawa lake anali ndi ukwati wa mchemwali wake. Anali atangomasula mameshi m'mawa womwewo ndipo anakanda m'mutu mokwanira, ine osafunsa, ndangotenga mankhwala nkupaka kuyambira pakhungu mpaka kunsonga. Patangopita kanthawi akuti anti kukuwotcha, ine ndikuti pirira ndiye kuti akugwira. Titatsuka kuseri kwa khutu kunali kofiira kukutuluka timadzi, mawa lake tsitsi litamatirira pazilonda. Ku ukwati anapita atamanga mpango. Mpaka lero nkhope yake ndimaiona, ndipo sabata yomweyo ndinayamba kufunafuna kophunzira.

Kusukulu ndi komwe ndinamva kuti marilakisa ambiri muli sodium hydroxide, yemwe uja amapangira sopo ena amati caustic soda, ndiye ukamva kasitomala akuti kukuwotcha ndi khungu likupsa limenelo, tsuka msanga. Umayamba wapaka Vaseline m'mbali mwa chipumi, m'makutu ndi pakhungu, umavala magulovu, umapaka pa tsitsi lomera kumene lokha basi osabwereza pomwe panawongoka kale, ndipo pomaliza pali shampu yake yoziziritsa mphamvu ya mankhwala, ukaidumpha imeneyo tsitsi limapitiriza kudyeka munthu ali kunyumba. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye wina akabwera patangotha masabata awiri kuti mundipakenso, wophunzira amakana ngakhale ndalama ili patebulo, amati dikirani masabata 6 mpaka 8.

Dayi nayenso chimodzimodzi. Wakuda uja nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD omwe anthu ena thupi lawo limakana, nkhope kutupa maso kutsekeka, ndiye umapaka kadontho kuseri kwa khutu nkudikira maola 48 usanapake mutu wonse. Kulukanso kumene timadzitama nakoku, kukoka kwambiri kuti zikhalitse kumazula tsitsi la m'mbali, madokotala amati traction alopecia, ndipo zikapitirira zaka silimeranso. Tayang'anani ana athu ang'onoang'ono pachipumi tiziphuphu tili ndandanda chifukwa chowakoka, chonde amayi tisiye. Zipeso, malumo, sizasi, zodulira zikhadabo, zonsezi zimanyamula chipere ndi mafangasi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndipo lumo lomwe lakhudza magazi likhoza kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B. Lumo ndi limodzi munthu mmodzi, mwamva eti?

Pali chinanso, mukatsegula saluni anthu azikufunsani mafuta oyeretsa khungu ndipo phindu lake limakopa. Ena mwa mafuta amenewo muli mercury yemwe amawononga impso, ena muli ma steroid opyapyalitsa khungu, moti mayiko anachita kusainirana pangano la Minamata mu 2013 lomwe mwa zina likuletsa zodzola za mercury. Ine pashelefu panga sindiika, ndipo makasitomala sanandithawe.

Tsopano za ndalama, apa mpomwe ambiri timagwera ngakhale manja ali abwino. Saluni imalowa ndalama tsiku ndi tsiku ndiye imanyenga, umaona ngati zonse zili m'kachikwamamo ndi zako, pomwe mmenemo muli ya shampu watha, ya magetsi a dilaya, ya lendi, ya mameshi omwe uyenera kukaodanso. Gulani kabuku. Aliyense wakhala pampando mulembe, chilichonse mwagula mulembe ngakhale kapaketi ka thonje, kumapeto kwa sabata muchotse za mpamba kaye, kenako mudzilipire salale ngati wantchito, chotsalacho ndiye phindu. Poika mtengo muziwerengera maola anu, sitayilo ya maola sikisi singafanane ndi yotsuka nkuumitsa ayi. Ndipo nkhani ya ndidzakupatsa kumapeto kwa mwezi, makamaka ya achibale ndi anzathu apamtima, yagwetsa masaluni ambiri kuposa kusowa makasitomala. Muuzeni mwaulemu kuti mankhwalawa ndimagula, adzakwiya tsiku limodzi kenako adzazolowera.

Ndalamayo isungidwe m'dzina lanu, kaya ku banki kaya pa foni koma nambala yachinsinsi ikhale yanu. Sindikuti muzibisira amuna anu, ayi, kambiranani, ambiri akaona fizi ya mwana yalipidwa iwo asanatulutse kanthu amayamba okha kukunyamulirani madzi. Koma ndaonapo amayi akupirira nkhonya zaka ndi zaka chifukwa akachoka adya chiyani, ndaonanso amasiye atalandidwa katundu yense. Nyumba akhoza kulanda, dilaya akhoza kunyamula, koma mmodzi wa ophunzira anga zitamuchitikira anabwereka chipeso ndi galasi nkuyamba kuyendera anthu m'makomo mwawo, mwezi usanathe ana anali akudya.

Posankha kophunzira musathamangire chikwangwani chokongola. Funsani ngati muzigwira mitu ya anthu enieni osati zidole zokha, funsani ngati satifiketi yawo ndi yovomerezeka ndi boma, ngati amakutumizani ku saluni kukazolowera ntchito, komanso ngati amaphunzitsa kusunga mabuku. Amene simungakwanitse fizi pano, pemphani kukhala wothandizira mu saluni ya munthu wophunzira, muzisesa muzitsuka mitu maso ali pa manja ake, uku mukusunga pang'onopang'ono. Ndipo musati zaka zapita, m'kalasi mwathu munali agogo a zidzukulu zitatu omwe pa zikhadabo ankatiposa tonse.

Ndabweretsa magulovu, chipeso ndi kabotolo ka dayi. Ndikufuna mmodzi abwere akhale pampandopa ndikuonetseni poyesera paja kuseri kwa khutu, enanu imirirani muzungulire kuti muone bwino. Mayi a mpango wobiriwira, bwerani.