Mluzu ukalira usiku, katundu musiyeni

Zikomo a mfumu, abusa, a shehe, amayi ndi abambo nonse. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Lachitatu lapitali mvula inagwa maola ochepa chabe, koma madzi analowa m'nyumba za kumunsi kwa msikaku. Ngalande inali itatseka. Kutacha tinakafukula, n'kutulutsamo majumbo, matewera a ana, mpaka matiresi. Matiresi, anthuni! Amene munataya sindikutchulani, mukudzidziwa. Koma chandiwawa kwambiri n'chakuti usiku umenewo aliyense ankathamanga payekha, wina wailesi ili pamutu, wina akulimbana ndi foni yopanda mayunitsi, ndipo agogo ena anatsala m'nyumba madzi ali m'maondo, popanda wowakumbukira.

Ife a Blantyre sitichita kuuzidwa za namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 phiri la Soche linatsitsa miyala ndi matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mitembo mpaka kusowa poiika ku chipatala cha Gulupu. Dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 sanapezeke. Komatu a zanyengo anali atachenjeza pa wailesi kusanachitike. Uthenga unamveka, koma panalibe wogogoda pakhomo pakati pa usiku kuti dzukani tizipita.

A khonsolo ya mzinda, a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a Red Cross, asilikali, onsewa amabwera ndithu. Koma mlatho ukakokoloka, magetsi akazima, netiweki ikagwa, maola oyambawo mumakhala nokhanokha. N'chifukwa chake komiti yathu yakhala pansi ndi anthu amene ali kale m'dera muno. Abusa avomera kuti belu lizilira ngakhale si Lamulungu. A shehe apereka chimkuzamawu cha pa mzikiti. Ahedi a kusukulu asiya kiyi wa makalasi awiri othawiramo kwa mlonda. Anyamata a kabaza, omwe timawanyoza tsiku ndi tsiku kuti amathamanga, ndi amene adzanyamule odwala ndi amayi oyembekezera. Mzere uliwonse wa nyumba ukhala ndi munthu wa mluzu. Mluzu ukalira, tulukani, katundu musiyeni.

(Bambo wina akuimirira: "Tikathawira ku sukuluko, mbava zikatsala zikukolola m'nyumba, mudzatibwezera ndinu?")

Achimwene, mwafunsa zimene ambiri akung'ung'udza chamumtima. Kubweza sindingakubwezereni, ndisakunamizeni. Ndipo mbava zilipodi, zimakonda mvula kuposa achule. Koma tamverani. Mlamu wanga nthawi ya Freddy anali atatuluka bwinobwino ndi ana, kenako anakumbukira thumba la chimanga ndi TV ya ngongole. Anabwerera. Khoma la zidina linamugwera mwendo, lero amayendera ndodo, ganyu yomanga anasiya. TV ija simukuifunsa? Inapita ndi matope. Ndiye tagwirizana ndi apolisi a m'mudzi kuti anyamata okhala kumtunda kotetezeka azilondera njira zolowera kuno ndi matochi, mosinthana. Nyumba za m'mbali mwa mtsinje ndi m'tsinde mwa phiri palibe wolondera, ngakhale mmodzi, chifukwa matope sasankha kuti uyu ndi mlonda. Chitupa cha unzika, buku la kuchipatala, mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a BP, mangani mu jumbo lero lomwe, mupachike pafupi ndi chitseko. Zimenezo n'zonyamula ndi dzanja limodzi, linalo mwagwira mwana. Zotsalazo, mluzu ukalira, zisiyeni.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiwo sizinagulidwe. Ndithamange.

Mvula ikagwa tsiku lonse ndi usiku osakata, musagone m'tsinde mwa phiri. Mukaona ming'alu pansi kapena pakhoma, mitengo yapendekera, madzi akutumphuka pamene sipatuluka madzi, kapena mwamva kugunda kuphiri ngati lole, musadikire mluzu, kuwani nokha. Madzi othamanga musawoloke, ngakhale akulekeza m'maondo. Amayi a banki mkhonde, lembani maina a okalamba, olumala ndi ana okhala okha mumzere mwanu, aliyense akhale ndi womutenga wodziwika dzina. Madzi akaphwa kumabwera kolera, paja mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndiye kolorini katengeni kwa alangizi a zaumoyo, madzi akumwa muzithira kapena kuwiritsa. Ana musawatume kukaonerera mtsinje utadzaza, si kanema.

Loweruka 6 koloko m'mawa tikumane pa ngalande ya kumsika ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. A khonsolo tawapempha galimoto yodzatenga zinyalalazo, koma kufukula n'kwathu. Mwini matiresi uja abwere ndi fosholo yaikulu. Amene mwavomera kusunga mluzu mutsalire pang'ono tilembe maina. A shehe, titsekereni ndi pemphero.